Adona, Mbuzi ya Apongozi Anga

Tsiku limene ndinafika ku Nkhata Bay ngati mtengwa, ndinagwadira mbuzi. Sindinachite dala, ndipo amene anandilakwitsa ndi apongozi anga aamuna.

Ine kwathu ndi ku Ntcheu. Mwamuna wanga tinakumana ku Lilongwe komwe tonse tinkasoka zovala, ndipo titakwatirana anati tipite kwawo tikatsegule shopu yathuyathu ya utelala pafupi ndi msika. Tinatsika minibasi pa boma dzuwa lili paliwombo, mutu wanga ukuzungulirabe ndi makona a msewu wa ku Mzuzu, n'kuyamba kukwera kaphiri kopita kunyumba. Ku Nkhata Bay njira yosalala ndi yosowa, ngati sukukwera ndiye kuti ukutsika. Chitonga chimene ndinkadziwa nthawi imeneyo chinali "yewo" basi, kutanthauza zikomo, ndipo ndinali nditakonzeka kuyankha funso lililonse ndi mawu omwewo.

Apongozi aakazi anandilandira pakhonde ndi nthungululu. Ndisanakhale n'komwe pamkeka, panatulukira bambo wamfupi wa imvi, malaya oyera atapisira ngati akupita kutchalitchi. Awa ndiwo anali apongozi aamuna. Anagwira ntchito yophika m'sitima ya panyanja mpaka kupuma, ndipo tsopano anali mkulu wa mpingo. Aliyense ankawaitana kuti Ada, mawu a Chitonga otanthauza bambo, nanenso ndinazolowera kutero.

"Mkamwana, mwayenda bwino?"

"Yewo."

"Tiyeni mukaonane ndi Adona kaye. Ali kuseri."

Ndinayang'ana mwamuna wanga, koma iye anali kuyang'ana nsapato zake. Ndinaganiza kuti Adonawo ndi azakhali ena aakulu a pabanjapo amene sangathe kuyenda. Ndinamanga chitenje bwinobwino, n'kuwatsatira Ada nditazolika monga anandilangizira amayi kwathu. Ataima n'kunena kuti, "Ndi awa," ine ndinagwada pansi n'kuwomba m'manja. Panalibe woyankha. Nditakweza maso ndinaona mbuzi itaima pakhomo la khola la m'mwamba, ikubzikula, ikundiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha mchere.

Apongozi aakazi anaseka mpaka kukhala pansi. Mwamuna wanga anathawira kuseri kwa khitchini. Ada okha ndiwo sanaseke. Anandiyang'ana mokhutira n'kunena kuti, "Mwana uyu analeredwa."

Kunena zoona, mbuziyo inali yokongola. Thupi loyera mbee, mutu wofiirira, makutu aatali olendewera mpaka kupitirira chibwano, msana wotakata woti n'kuikapo thireyi ya tiyi. Mbuzi zina za m'tauniyo zikaima pafupi nayo zinkaoneka ngati antchito ake. Ndipo panyumba imeneyo panali lamulo lakuti sunganene kuti "mbuzi yadya". Unkati "Adona adya". Mlamu wanga wina anaiwala tsiku lina n'kunena kuti "chimbuzi chanucho chadya sopo wanga", ndipo Ada sanamuyankhule mpaka Sabata.

Mbiri ya Adona ndinaimva tsiku lomwelo, ndisanamwe ngakhale madzi. Mayi awo, malinga ndi Ada, anali mbuzi ya wansembe wina wa pachilumba, yomwe inkadya masamba a maluwa okhaokha. Bambo awo anali tonde wa kufamu ya azungu kutsidya la nyanja, wamkulu ngati mwana wa ng'ombe. Agogo awo a kuchikazi anawoloka nyanja pa bwato, atakhala kutsogolo osamangidwa. Mbiri imeneyi inkakula ndi nthawi. Pofika Khirisimasi ya chaka chimenecho agogowo anali atabwera pa ndege, ndipo tonde uja anali atapambana mpikisano m'dziko limene Ada sankalitchula dzina.

Mbiri ina ndinaimva kwa apongozi aakazi, tikusenda chinangwa choti tikaviike m'madzi.

"Usamve za akuluwo, mkamwana. Mbuzi imeneyi inali ndiwo. Anaigula anthu a m'sitima kuti aphe adye, paulendo wawo womaliza akuluwa asanapume ntchito. Akuluwa atatenga mpeni anaona kuti ili ndi bere, mtima n'kugwa. Anaibisa m'chipinda cha makala, anzawo n'kuwaphikira nyemba. Wansembe uti? Amene anagulitsa mbuziyo ndi munthu woledzera amene sankadziwa n'komwe kuti akutsikira doko liti."

"Nanga Ada akudziwa bwanji za agogo ake a mbuzi?"

"Funso limenelo ukawafunse wekha. Maina a zidzukulu zawo amasokoneza, koma agogo a mbuzi sasokoneza."

Chimene palibe ankatsutsa n'chakuti Adona ankaswa. Bere lililonse mapasa, nthawi zina atatu, ndipo onse ankakula. Mkaka unali wokwanira ana awo ndi tiyi wa Ada. Koma analinso ndi luso lina limene Ada ankalitcha nzeru, ife ena tinkalitcha mavuto. Adona ankatsegula zitseko. Mpiringidzo ankaukankha ndi mphuno, chingwe ankachimasula ndi milomo, kawaya kokolowekera geti ankakanyamula mofatsa ngati munthu wobwera kwawo. Akatuluka sankapita kukadya udzu ngati mbuzi zinzawo. Ankalondola fungo la usipa.

Nkhani yaikulu inayamba chaka changa chachiwiri, pamene Ada anaganiza kuti atonde a mu Nkhata Bay sakuyenera Adona. Ana a m'zaka za m'mbuyomo bambo wawo anali tonde wa aneba, ndipo Ada ankati magazi akusungunuka. Anamva kuti bambo wina wochokera kumapiri a ku Mzuzu, mwini maminibasi angapo ndi golosale ya pa boma, ali ndi tonde wa mtundu kumudzi kwawo. Anapita kukakambirana nawo atavala jekete, ngati ankhoswe. Anagwirizana kuti tonde abwere adzakhale kwathu kwa kanthawi, ndipo mwini wakeyo adzalandira mwana mmodzi wamkazi.

Tondeyo anabwera pa minibasi. Ndinamuona ndekha chifukwa shopu yathu inali moyang'anana ndi pokwerera. Anamukhazika mpando wakumbuyo wonse, ndipo anthu amene anakwera nayo minibasiyo anatsika atatseka mphuno, amayi ena akulumbira kuti zovala zawo akazitentha. Kondakitala anatsegula chitseko chakumbuyo n'kukuwa kuti, "Bwana afika!" Tondeyo anatsika pang'onopang'ono, wonenepa, nyanga zopindikira kumbuyo, ndevu ngati za mphunzitsi wamkulu. Kaphiri kathu kanamukanika. Anapuma panjira kangapo, ndipo chakumapeto mwamuna wanga ndi mlamu wanga anachita kumukankha kumbuyo, Ada ali patsogolo kulondolera.

Adona anamuyang'ana kamodzi, n'kutembenuka kukwera m'khola.

Masiku anapita. Tondeyo ankadya madeya m'beseni, kumwa madzi, n'kugona pamthunzi wa mango. Akadzuka n'kuyesa kuyandikira, Adona ankamugunda m'nthiti mpaka kubwerera pamthunzi pake, ndipo iye ankaoneka kuti zamukomera kubwererako. Ada ankakhala pampando chapatali ndi wailesi yawo, akunamizira kumvera nkhani.

"Akudziwana kaye," ankatero. "Anthu a ulemu sathamanga."

M'mawa wina tinapeza geti lili pululu, Adona kulibe. Tinagawana njira. Ine ndinatsikira kudoko chifukwa linali tsiku la sitima, ndipo ndinadziwa kuti kumene kuli matumba a usipa n'kumene kuli Adona. Padoko panali piringupiringu, onyamula katundu akukuwa, amayi a nthochi ndi chinangwa chokazinga, mabwato akuzungulira. Ndinawapeza Adona kuseri kwa mulu wa matumba, koma sanali okha.

Padokopo pankakhala tonde wina wopanda mwini. Anali wakuda, wamfupi, nyanga imodzi yothyoka, khutu long'ambika, ubweya wa pamsana uli njoo ngati tsache lakutha. Ankadya makatoni, makoko a nthochi ndi chilichonse chogwa m'thumba. Onyamula katundu ankati anatsika sitima yekha zaka zapitazo, ndipo palibe anamufunsa tikiti. Ameneyo ndiye anali ndi Adona, ndipo sindinafunike kuuzidwa kuti ndachedwa. Onyamula katundu anali ataima mozungulira akuwomba m'manja.

"Mayi, kauzeni Ada kuti ukwati watha kale!" anakuwa mmodzi. "Ife ndife mboni!"

Ndinawakoka Adona mpaka kunyumba, manyazi atandigwira ngati wolakwa ndine. Ndinawapeza Ada pageti ndipo ndinayamba kufotokoza.

"Ada, ndawapeza kudoko, koma anali ndi..."

"Anapita kukawongola miyendo," anandidula. "Mwachita bwino, mkamwana. Kamweni tiyi."

Tonde wa mtundu uja anabwerera kwawo pa minibasi yomweyo, atanenepa kuposa mmene anabwerera. Miyezi itakwana Adona anaswa ana atatu, onse aakazi. Makutu anali a mayi wawo, aatali olendewera. Zina zonse zinali zakuda, zazifupi, ubweya wa pamsana uli njoo. Tonse tinaima pakhola tikuwayang'ana. Apongozi aakazi anatsegula pakamwa, koma Ada anawatsogolera.

"Magazi a agogo," anatero. "Agogo ake a tonde wa ku Mzuzu uja anali akuda. Zimatero mbuzi za mtundu, zimalumpha m'badwo."

Mwini maminibasi atabwera kudzatenga mwana wake wa mbuzi, anamuzungulira kawiri, n'kuyang'ana Ada, n'kuyang'ananso kambuziko. Koma naye sanafune kuti anthu azinena kuti tonde wake anangobwera kudzadya madeya. Anavomera kuti inde, akukumbukira, kumtundu kwa tondeyo kunali wina wakuda. Anagwirana chanza, bodza n'kukhala la anthu awiri.

Tsono ana atatu akudawo ndi amene anadzaza Nkhata Bay. Sankadwala. Chilimwe chikauma mbuzi zina zikuonetsa nthiti, iwo ankanenepa ndi makatoni. Ankaswa mapasa ngati mayi wawo, ana awo nawonso chimodzimodzi. Adona nawo sanalekere pomwepo: nthawi yawo ikakwana ankatsegula geti n'kutsikira kudoko, Ada n'kumati apita kukawongola miyendo. Ndipo Ada anali opatsa. Abusa atsopano atafika, anawapatsa kamsoti. Wapampando wa kwaya atakwatitsa mwana, kamsoti. Amayi ena amasiye a ku Mwaya, kamsoti. Sankagulitsa kwa munthu wosamudziwa, ndipo wolandira aliyense ankayenera kukhala pansi kumva mbiri yonse kuyambira kwa wansembe wa pachilumba.

Patapita zaka zingapo, kukhala ndi mbuzi ya kwa Adona kunasanduka ulemu. Munthu akamagulitsa mbuzi pamsika ankaikoka makutu kuti aoneke aatali, n'kumati, "Mdzukulu wa Adona uyu, onani nokha." Ngakhale wogulitsa kanyenya pafupi ndi shopu yathu anayamba kuitanira anthu ndi dzina lomwelo.

"Kanyenya wa mtundu! Magazi a Adona, ofewa ngati buledi!"

Ada atamva anatsika kaphiri ndi ndodo yawo. Anapempha kuona mutu ndi chikopa cha mbuzi imene inali pachiwayayo. Anautembenuza mutuwo, kuyeza khutu ndi chala, n'kuubweza.

"Iyi si yathu. Iyi ndi mbuzi wamba ya kumapiri. Musamanamize anthu, ada."

"Nanga ikanakhala yanu?"

"Ndikanakusumirani kwa abusa."

Kuyambira tsiku limenelo ankapita pachiwayapo kawirikawiri kukayendera mitu, ndipo wakanyenyayo anazolowera kuwasungira pambali, ndi kapu ya thobwa.

Koma makutu ndi mapasa sizinali zokha zimene zidzukuluzo zinatengera. Zonse zinkatsegula mageti, ndipo zonse zinkakonda usipa. Amayi oyanika nsomba ku Mwaya anakweza mathandala awo, mbuzi n'kuphunzira kukwera pa bwato lovundikira n'kulumphira pamwamba. Pamsika amayi a tomato ankagulitsa dzanja limodzi lili ndi mwala. Kwathu kushopu ina inalowa n'kudya pepala la patani ya diresi, ine ndikuyeza kasitomala kuseri kwa katani. Anthu ankadandaula, koma modandaula monyadira, ngati kholo lonena za mwana wanzeru wosamva.

Kunyadako kunatha pa ukwati wa mwana wamkazi wa mwini maminibasi uja.

Unali ukwati umene tauni yonse inkauyembekezera. Madiresi a operekeza mkwatibwi ndinasoka ndine, ndipo ndinagona mochedwa sabata yonse chifukwa cha mikanda yake. Madyerero anakonza pabwalo la nyumba yawo, lomwe linali ndi mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Anamanga matenti, kukongoletsa ndi masamba a nthochi ndi maluwa, mpunga ndi kabichi zili m'mabeseni, keke yosanjikiza yochokera ku Mzuzu ili patebulo pakati. Amayi ophika, atamaliza, anati sangaphonye malumbiro. Anakoloweka geti n'kuthamangira kutchalitchi.

Ine ndinatuluka m'tchalitchi ulaliki uli mkati, chifukwa zipi ya mmodzi wa operekeza inali itaphulika ndipo singano zanga ndinazisiya kunyumba ya ukwatiyo. Ndili chapatali ndinaona geti lili lotsegula. Ndinalowa mothamanga.

Mbuzi zinali paliponse. Zakuda, zamawanga, zazikulu ndi ana omwe, zonse makutu lendee. Zina zinali m'mabeseni a kabichi ndi miyendo yakutsogolo, zina zikukoka masamba a nthochi pamodzi ndi nsalu za tenti. Ina inali itagona pa sofa ya akwati, riboni ikulendewera kukamwa. Ndipo patebulo pakati panaima thadzi lakuda lonenepa, mphuno yonse ili yoyera ndi shuga wa keke. Ndinakuwa m'Chichewa, ndinakuwa m'Chitonga, ndinavula nsapato n'kugenda. Zinandiyang'ana n'kupitiriza. Ndinachita chimodzi chokha chanzeru tsiku limenelo: ndinatseka geti, ine ndili mkati, kuti pasathawe ngakhale imodzi.

Mmene gulu la ukwati linkafika ndi mahutala ndi nyimbo, linandipeza nditakhala pampando wa tebulo lapamwamba, nsapato imodzi, ndikulondera akaidi. Mayi a mkwatibwi anakomoka. Mkwatibwi mwini wake anayang'ana kekeyo, kuyang'ana mbuzi ya pa sofa, n'kuyamba kuseka mpaka misozi inafafaniza zopakapaka za kumaso. Ukwati unapitirira ndi zakumwa za m'mabotolo, ndipo keke anaidula mbali imene inatsala.

Mbuzi zonse anazimangirira pabwalo lomwelo, n'kulengeza kuti eni ake abwere adzatenge. Palibe anabwera. Anthu omwe aja amene dzana ankakoka makutu a mbuzi zawo pamsika, tsopano ankati zawo zili kumudzi, zawo zinafa chaka chatha, iwo mbuzi sanawetepo chibadwire. Choncho Lolemba abusa anaitanitsa akulu a mpingo ndi onse okhudzidwa pabwalopo. Ife amayi tinakhala pamikeka chakumbali. Mbuzi zinali pamzere m'mbali mwa mpanda, zikubzikula mwamtendere.

Abusa anapemphera, kenako anati, "Abale, mbuzi izi zilibe eni. Koma tili ndi mkulu wathu pano amene amadziwa ziweto. Ada, mungatithandize?"

Apongozi aakazi anandigwira bondo. "Akanakhala anzeru akanati maso awavuta," ananong'ona.

Ada anaimirira, kuvala magalasi, manja kumbuyo, n'kuyamba kuyenda pamzerepo ngati akuyendera asilikali. Nkhope yawo inali kuwala.

"Iyi ndi ya wapampando wa kwaya. Mayi ake ndi amene ndinakupatsani pa ukwati wa mwana wanu, onani kabanga ka pamwendo. Iyi ndi iyo ndi mapasa, za amayi a ku Mwaya. Zakula bwino, mama, mukuzisamala. Iyi..." anaima pa imene inagona pa sofa ija, n'kutsitsa mawu mwaulemu, "iyi ndi ya kunyumba ya abusa."

Abusa anatsokomola n'kuyang'ana kumwamba.

Anapitiriza mpaka kumapeto, osaphonya ngakhale imodzi, aliyense wotchulidwa akuzolika. Pomaliza anafika pa thadzi lakuda lija, lomwe shuga anali adakali m'ndevu zake. Analisisita pamsana.

"Ndipo iyi, imene inakwera patebulo, ndi ya eni nyumba ano. Ndi mwana woyamba wa kamsoti kamene munadzatenga kwathu kaja. Mwina geti sinatsegule ndi iyi, poti inali kale mkati. Koma keke ndi iyi."

Anthu anaseka. Mwini maminibasi sanaseke. Anaimirira, nkhope itachita mdima.

"Ndamva, Ada. Mwatchula eni ake onse. Koma mwanenanso nokha kuti zonsezi ndi zidzukulu za mbuzi imodzi. Ndiye gwero la kuba kumeneku lili pakhomo panu. Mbala yaikulu ndi Adona."

Ada anamenya ndodo yawo pansi.

"Adona sanabepo chinthu cha munthu! Amatsegula geti, inde, imeneyo ndi nzeru. Koma kukwera patebulo, kudya riboni, kugona pa sofa ya eni ake, khalidwe limenelo si la kwathu. Limenelo ndi la kuchimuna!"

"Kuchimuna?" anatero mwini maminibasi pang'onopang'ono. "Zaka zonsezi mwakhala mukuuza tauni yonse kuti bambo wa mbuzi zimenezi ndi tonde wanga. Tonde wanga munamuona nokha. Ankadya madeya m'beseni n'kugona. Kaphiri kanu kanamukanika, ndiye tebulo akanakwera bwanji? Tiuzeni pamaso pa abusa, Ada. Kuchimuna kwake ndi kuti?"

Ndinawamvera chisoni apongozi anga. Anayang'ana mbuzizo, kuyang'ana abusa, kuyang'ana akazi awo amene anali atatsamira kutsogolo, chibwano m'manja. Akakana, Adona akhala mbala. Akavomera, mbiri ya zaka zonse ija yagwa. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Panali tonde wina," anatero chapansipansi, "wa kudoko."

Pabwalo panaphulika. Amuna anagwa m'mipando, wapampando wa kwaya anagwira mpanda kuti asagwe, abusa anabisa nkhope m'Baibulo mapewa akugwedezeka. Apongozi aakazi anaimirira n'kuimba nthungululu yaitali kuposa imene anandilandira nayo ine.

"Ambuye ndi abwino!" anakuwa. "Ndakhala ndi moyo mpaka kumva ndi makutu anga!"

Phokoso litatsika, abusa anapukuta misozi n'kufunsa kuti tonde wa kudokoyo mwini wake ndani. Panalibe. Wina anati anafa kale, wina anati anamuona akukwera sitima yopita kumpoto. Poti wolakwa weniweni analibe mwini ndipo analibe adiresi, anagwirizana kuti phwando limene mbuzi zinadya libwezedwe ndi mbuzi zomwezo. Aliyense wokhala ndi zoposa imodzi pamzerepo apereke imodzi, ena abweretse mpunga ndi nkhuni, ndipo Loweruka lotsatira akwati adyerenso ukwati wawo. Wophika akhale Ada.

Sindinadyepo nyama ya mbuzi ngati ya tsiku limenelo. Ada anavala epuloni yawo yakale ya m'sitima ndi chipewa choyera, n'kulamulira miphika ngati kapitawo, amayi onse a mpingo akuthamanga pansi pa mawu awo. Anthu anabwera ochuluka kuposa pa ukwati weniweni, ngakhale onyamula katundu a kudoko, amene ankati ndi a kuchimuna ndipo ayenera kupatsidwa miyendo. Mwini maminibasi anavina ndi apongozi aakazi. Ada anagawa nyama yonse ndi dzanja lawo, koma iwo anadya mpunga ndi kabichi, atatembenukira kumpanda.

Adona anakhalabe zaka zina zingapo. Analeka kuswa, mano anatha, msana unagwa pakati. Sankathanso kukwera m'khola la m'mwamba, choncho Ada anawamangira kachisakasa pansi, pafupi ndi zenera la chipinda chawo. M'mawa uliwonse ankawaphikira phala la madeya, kuliziziritsa ndi supuni, n'kusinjiramo usipa pang'ono pamene apongozi aakazi sakuona.

Mbiri itamveka kuti Adona sakudzukanso, wakanyenya uja anakwera kaphiri ndi anzake awiri, mpeni ataukulunga m'nyuzipepala. Anakhala pakhonde, kupereka moni wautali, kufunsa za mvula ndi za miyendo ya Ada, kenako anafika pa nkhani.

"Ada, tamva kuti odwala afooka. Tinati tibwere tiwathandize asanavutike. Ikafa yokha, nyama yonse ija iwonongeka."

"Mwachita bwino kubwera," anayankha Ada. "Khalani pomwepo."

Anakhala. Ada analowa m'kachisakasa n'kukhala pansi, mutu wa Adona uli pamiyendo pawo, akuyankhula nawo m'Chitonga mawu amene sindinawamve. Amuna aja anadikira m'mawa wonse, mpeni uli pamwendo, akuyang'anana. Dzuwa litakwera Ada anatuluka, maso ofiira, atanyamula makasu awiri ndi piki.

"Atisiya," anatero. "Poti mwabwera kudzathandiza, malo ndi apo, pansi pa nthochi."

Nthaka ya paphiri pathu ndi miyala yokhayokha. Amuna atatu aja anakumba mpaka malaya kumamatira kumsana, Ada ataima pambali akuwauza kuti awonjezere kuya, agalu angafukule. Aneba anabwera kudzaona, ena anakhala pansi osadziwa kuti aseke kapena apepese, ndipo amayi amasiye a ku Mwaya aja analira zenizeni. Adona anawakulunga m'thumba latsopano la ufa. Abusa sanaitanidwe, koma Ada anavula chipewa, amuna onse n'kuvulanso zawo.

Atamaliza kukwirira, apongozi aakazi anatulutsa tiyi ndi chinangwa chophika. Wakanyenya anakhala pamwala, akuyang'ana matuza a m'manja mwake, kenako anasuzumira m'mbale.

"Ama, ndiwo palibe?"

"Pamaliro a mbuzi mukufuna tiphe chiyani?" anayankha apongozi. "Idyani chinangwa. Mkamwana, awonjezere shuga, agwira ntchito."